Mwasamukira mu Blantyre? Nayi njira yopezera gulu la Chikatolika lokuyenerani

Akatolika ambiri akasamukira mumzinda uno amasanduka akhristu a Lamulungu lokha. Amamva Misa ya m'mawa ku Limbe Cathedral kapena ku CI (Catholic Institute), wansembe akangodalitsa iwo ulendo wokakwera minibasi. Chaka chimatha popanda wowadziwa dzina. Kumudzi katekisiti ankadziwa ndi agogo anu omwe, koma m'tauni muno mukapanda kudzionetsa nokha palibe amene adzakufunefuneni.

Yambani ndi kudziwa parishi ya dera limene mukugona, osati imene kwaya yake imakukomerani. Wa ku Ndirande ali ndi Holy Ghost, wa ku Chilomoni St James, wa ku Soche St Pius. Pitani ku ofesi ya parishi mkati mwa sabata mutatenga khadi lanu la ubatizo ndi kalata yochokera ku parishi yanu yakale. Ngati khadilo linatayika, tchulani kumene munabatizidwira ndi chaka chake, poti mabuku a ubatizo amasungidwa komweko.

Muli mu ofesimo funsani kuti mphakati wa kwanuko ndi uti, umakumana tsiku lanji, ndipo wapampando wake mungamupeze bwanji. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Miphakati sinabwere mwangozi: maepiskopi a m'chigawo chino cha Africa, mubungwe lawo la AMECEA, anagwirizana mu 1973 kuti moyo wa Mpingo uzizikike m'timagulu ta mabanja oyandikana, ndipo kuno kwathu malemu Ambuye Patrick Kalilombe, omwe anali episkopi wa Lilongwe, ndi amene anaikokera patsogolo nkhaniyi. Msonkhano wa mphakati ulibe zambiri. Mumakumana pakhomo pa mmodzi wa inu, abambo pa mabenchi obwereka kwa aneba, amayi pamkeka, ana akulowa ndi kutuluka. Wina amawerenga Mthenga Wabwino, aliyense n'kunenapo mawu amene amukhudza, kenako mumamva kuti akudwala ndani, wagonekedwa ku Queens ndani, ndipo akamuone ndani. M'maparishi ambiri nkhani za ubatizo wa mwana, ukwati ngakhale maliro zimadzera kumphakati. Munthu amene amangodziwika pamene kwagwa zovuta amawaika atsogoleri pamalo ovuta, chifukwa sangachitire umboni munthu amene sanamuonepo.

Mukakhazikika kumphakati, ndiye muyambe kuyang'ana magulu. Musamatuluke m'tchalitchi zilengezo zisanathe, ngakhale zitatalika bwanji (ndipo zimatalikadi), chifukwa misonkhano ya magulu imalengezedwa pamenepo. Amayi ali ndi bungwe lawo la amayi Achikatolika, abambonso ali ndi lawo. Ana a sukulu amapita ku YCS (Young Christian Students), achinyamata amene ayamba ntchito ku YCW (Young Christian Workers). Amene mtima wawo uli pa osauka afunse za gulu la Vincent wa ku Paulo woyera, ndipo okonda kupemphera mokweza, moimba ndi mowomba m'manja akapeza anzawo ku Charismatic.

Za Legio ya Maria ndinenepo pang'ono, chifukwa ambiri amalowa asakudziwa kulemera kwake. Gululi linayambira ku Dublin mu 1921, ndipo malamulo ake ndi okhwima. Mumakumana sabata iliyonse, mumapemphera korona, ndipo aliyense amapatsidwa ntchito ya maola awiri pasabata, monga kuyendera odwala kapena amene anasiya masakramenti. Mumayenda awiriawiri, ndipo sabata yotsatirayo mumafotokoza mmene mwayendera. Watsopano amayamba wayesedwa miyezi itatu asanachite lonjezo. Ngati ntchito yanu ndi ya mashifiti, funsani za umembala wothandiza ndi mapemphero okha, umene sukakamiza kufika pamsonkhano.

Gulu likakukopani, pitani kangapo ngati mlendo musanasoketse yunifolomu. Funsani mosachita manyazi kuti zopereka zake ndi zingati pamwezi, misonkhano imatha nthawi yanji, ndipo wansembe kapena sisitere wowalangiza ndi ndani. Funso lomalizali ndi lofunika. M'tauni muno muli timagulu ta mapemphero tokumana m'nyumba za anthu, tina tabwino ndithu, koma ngati bambo mfumu sakulidziwa gululo, ndipo mtsogoleri wake amanyoza Misa kapena kupempha ndalama kuti akupempherereni, bwererani. Malangizo anga ndi akuti mphakati ndi gulu limodzi zakwana. Tonse timawadziwa akhristu okhala ndi nsalu ya gulu lililonse m'sutikesi, koma ana awo osadziwa ndi Tikuoneni Maria yemwe.

Pali zinanso zosafuna kulembetsa dzina. Paphiri la Michiru pali Njira ya Mtanda yoyambira ku Chilomoni, ndipo m'nyengo ya Lenti, makamaka Lachisanu Loyera, anthu amakwera ambiri. Nyamukani m'mamawa dzuwa lisanakwiye, mutenge madzi, ndipo nsapato za ku ofesi muzisiye kunyumba chifukwa njirayo ndi yamiyala. Mwezi wa May ndi wa October ndi ya korona, nthawi yabwino yoti mlendo alowerere pagulu popanda womufunsa zambiri. Magulu amakonzanso m'bindikiro, wina pa parishi pomwepo, wina kumalo ngati Nantipwiri, choncho funsani msanga kuti musonkhe ya thiransipoti nthawi ilipo.

Masiku amene ntchito yakupanikizani, Radio Maria ndi Luntha TV zimaulutsa Misa, korona ndi maphunziro a chikhulupiriro. Komabe muwauze apampando a mphakati kuti simufika, ndipo muwapemphe akuikeni pa gulu lawo la WhatsApp kuti muzidziwa nyumba imene mudzakumane sabata ya mawa.