Momwe mungasinthire POPC kukhala POPE mu GROMACS

POPC ndi POPE ndi mitundu iwiri ya ma lipid (mafuta omwe amapanga membrane), ndipo GROMACS ndi pulogalamu yoyerekezera kayendedwe ka mamolekyulu pa kompyuta. Tinene kuti muli ndi membrane ya POPC yomwe mwaiyendetsa kale ndi force field ya CHARMM36, puloteni yanu yakhazikika bwino pakati pake, ndipo tsopano mukufuna POPE. Mukhoza kumanga zonse mwatsopano pa webusaiti ya CHARMM-GUI, koma ndiye kuti masabata onse aja a equilibration (kuyendetsa membrane mpaka itakhazikika) apita pachabe. Ine ndimakonda kungosintha mitu ya ma lipid omwe alipo kale.

Michira simuikhudza. POPC ndi POPE onse awiri ali ndi michira ya palmitoyl 16:0 ndi oleoyl 18:1. Kusiyana kuli pa nayitirojeni basi: POPC imanyamula magulu atatu a methyl pamenepo, pomwe POPE ili ndi mahaidirojeni atatu.

Choyamba koperani fayilo ya .gro (yomwe imasunga malo a maatomu), musagwire yoyambirira. Pa lipid iliyonse fufutani mahaidirojeni 9 omwe ali pa makaboni a methyl C13, C14 ndi C15. Makaboni atatuwo musawachotse, ingowatchani HN1, HN2 ndi HN3, kenako dzina la residue likhale POPE. Werengani: POPC ili ndi maatomu 134, POPE 125. Mukapeza nambala ina, mwaphonya penapake. Musaiwale kukonzanso chiwerengero cha maatomu pamzere wachiwiri wa fayiloyo.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. GROMACS imalumikiza maatomu ndi topology potsata ndondomeko yomwe alembedwera, osati mayina. Tsegulani POPE.itp, fayilo ya topology ya POPE, muone mmene yandandalikira maatomu akumutu, ndipo .gro yanu itsate chimodzimodzi. Kakodi kochepa ka Python kamathetsa zimenezi. Ndi manja pa ma lipid 200 mudzalakwitsa ndithu. Grompp, lamulo la GROMACS lokonzera simulation, ikachenjeza kuti mayina sakugwirizana, musaitseke pakamwa ndi -maxwarn, bwererani mukakonze. Mu topol.top sinthaninso mzere wa molecules.

Mahaidirojeni atsopanowa akadali patali ngati makaboni, pafupifupi 1.5 Å kuchoka pa nayitirojeni m'malo mwa 1.0 Å. Choncho yendetsani energy minimization ya steepest descent mutazimitsa constraints, apo ayi LINCS, yomwe imasunga kutalika kwa ma bond, iyamba kudandaula nthawi yomweyo.

Pa equilibration ikani 310 K, chifukwa POPE imalimba ikatsika pansi pa 25 °C, ndipo pcoupltype ikhale semiisotropic. Mitu ya POPE ndi yaing'ono komanso imagwirana ndi hydrogen bond, motero bokosi lichepa mu x ndi y pomwe membrane ikunenepa. Onani Box-X ndi gmx energy, ndipo musayambe production mpaka mzerewo utasiya kutsika.