Kutulutsa nyimbo yoyamba ya soul uli ku Chigwa cha Shire

Soul inaphukira m'nyimbo za m'matchalitchi a anthu akuda a ku America m'zaka za m'ma 1950, ndipo woyimba soul wotchuka Aretha Franklin anayambira m'tchalitchi cha bambo ake ku Detroit. Ndiye wachinyamata wa ku Ngabu kapena ku Bangula amene wakulira m'kwaya ali kale panjira. Chimene ambiri chimawagwetsa ndi kuthamangira ku situdiyo nyimbo isanapse.

Yambani ndi kiyi. Khalani pa kiyibodi ya ku tchalitchi, tsikani mpaka mawu ayambe kusasa, kenako kwerani mpaka khosi liyambe kulimba. Noti yapamwamba ya kolasi yanu ikhale manoti awiri kapena atatu pansi pa malirewo, chifukwa pa siteji mudzakhala mutatopa. Makodi anayi ngokwanira, monga C, Am, F ndi G, pa liwiro la 60 mpaka 80 BPM (kuchuluka kwa kugunda kwa biti pa miniti imodzi). Mukafulumiza kuposa apo, mpata wokoka mawu umatha.

Pa mawu a nyimbo m'pofunika kudekha. Chichewa chimakoka silabo yachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo: timati "ndikukudikiira", osati "ndikukudikiraa". Lankhulani mzere uliwonse mokweza musanauyike m'nyimbo, ndipo noti yaitali igwere pamene pakamwa pakukoka pokha. Kukoka silabo yomaliza sikulakwa, koma mukatero mzere uliwonse, nyimbo imamveka ngati yobwereka. Ngati kwanu mumalankhula Chisena kapena Chimang'anja, musachibise. Mzere umodzi wa Chisena m'kolasi umakusiyanitsani ndi oyimba ambiri a m'tauni.

Jambulani kaye pa foni, nthawi ya 4 kapena 5 koloko m'mawa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumatha kupitirira madigiri 40, malata amathetheka akamatentha, ndipo phokosolo limalowa m'maikolofoni. Zimitsani fani, imikani matiresi kumbuyo kwanu kuti mawu asabwerere kuchokera kukhoma, foni ikhale pa airplane mode, masentimita 20 kuchokera pakamwa, chapambali pang'ono kuti "p" ndi "ph" asaphulike. Mvetserani mawa lake, osati nthawi yomweyo. Gitala musaisiye padzuwa, thabwa limapindika. Pukutani mawaya mukamaliza chifukwa thukuta limawachititsa dzimbiri.

Situdiyo zambiri zili ku Blantyre. Kwerani tsiku limodzi musanajambule, ndipo mu minibasi pewani mpando wa pawindo, mphepo ndi fumbi zimaumitsa kukhosi. Imwani madzi ambiri osazizira kwambiri.

Musanayimbe ngakhale mzere umodzi, gwirizanani ndi pulodyusa papepala: wolemba mawu ndani, wopeka nyimbo ndani, biti ndi ya yani, aliyense atenga gawo lanji. Nonse musaine. Ubale wapakamwa umatha tsiku limene nyimbo yayamba kubweretsa ndalama. Pochoka tengani fayilo ya WAV (yosafinyidwa) ya 44.1 kHz, ya MP3 ya 320 kbps, ndi ina yopanda mawu yodzayimbira pa siteji. Kenako kalembetseni nyimboyo ku COSOMA, bungwe lotolera ndalama za eni nyimbo zikamaseweredwa pa wailesi ndi m'malo azisangalalo.

Potumiza pa WhatsApp, sankhani Document, apo ayi fayilo ikhoza kufinyidwa mawu n'kuphwa. Dzina la fayilo likhale lanu ndi la nyimbo. Yambirani pa wailesi za m'dera monga Nyathepa ya ku Nsanje, kumene omvera akhoza kuimba foni kuipempha, kenako MBC ndi Zodiak. Dulani masekondi 30 a kolasi, mukuyimba ndi gitala yokha, muike pa Facebook ndi TikTok. Landirani zinkhoswe ndi maukwati ngakhale ndalama ichepe, ndipo nyimbo yachiwiri ikhale itajambulidwa kale yoyamba isanatuluke, chifukwa oulutsa mawu akaikonda amafunsa ina mwamsanga.