Momwe mungawerengere cash conversion cycle kuti mudziwe ngati mabwana a kampani akuyendetsa bwino mpamba

Amalawi angapo kuno ku Johannesburg ayamba kugula masheya pafoni, ena pa EasyEquities ena kudzera kubanki kwawo, ndipo ukawafunsa kuti kampaniyo mwaisankha bwanji yankho limakhala loti "ikupanga phindu". Chabwino. Koma aliyense amene anagulitsako katundu pangongole akudziwa kuti phindu la m'kope silogulira buledi, ndalama yake imakhala ili m'matumba a anthu ena. Makampani akuluakulu a pa JSE, msika wa masheya wa ku Johannesburg, nawonso zimawachitikira zomwezo, kungoti iwo manambala ake ndi mamiliyoni.

Ndiye pali kachiwerengero kamodzi kotchedwa cash conversion cycle, mwachidule CCC, kamene kamaonetsa masiku amene amadutsa kuchokera pamene kampani yatulutsa ndalama kulipira katundu mpaka pamene ndalama ya katunduyo yabwerera mu akaunti. Masiku akachepa, mabwana akuzungulitsa mpamba mwachangu. Akamachuluka chaka ndi chaka ndiye kuti penapake pakutsekeka. Ine ndimakakonda kachiwerengeroka chifukwa kamakhudza ntchito yeniyeni ya mamanejala, kuoda, kugulitsa, kutolera ngongole ndi kukambirana ndi masapulaya, osati zokamba zokoma za pa tsamba loyamba la lipoti.

Kuti mumvetse msanga tengani geni imene tonse tikuidziwa. Mayi apikula nsapato ku Dragon City ku Fordsburg, alipira kashi pompo. Katundu apereka kwa thiransipota, adutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kukalowera pa Mwanza, kenaka akhale pa shelefu ku Limbe kudikira ogula, tinene kuti zonse pamodzi masiku 25. Ogula ambiri ndi apantchito, atenga nsapato n'kunena kuti tidzakuonani pakutha pa mwezi, ndiye masiku ena 30. Mwini shopu ku Fordsburg sanawapatse ngakhale tsiku limodzi la ngongole. Ndiye ndalama ya mayiwa ikumakhala panja masiku 55 isanabwerere. Ndipo ikakhala panja mu makwacha zimawawa kwambiri, kumbukirani November 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, amene anali ndi ngongole zosatolera kumudzi anapeza kuti ndalama yomweyo sikugulanso marandi amene anatulutsa.

Choyamba, pezani malipoti

Kampani iliyonse ya pa JSE imatulutsa malipoti a zachuma otchedwa annual financial statements chaka chilichonse, ndi zaulere, pitani pa webusaiti yawo pomwe alemba kuti Investors kapena Investor Relations. Zotsatira amalengezanso pa SENS, pomwe JSE imatulutsira zilengezo za makampani. Dawunilodani zaka zitatu, zisanu ndiye bwino zedi, chifukwa chaka chimodzi chokha sichikuuzani kanthu. Ma PDF ake ndi aatali, musaope, inu poyamba mukufuna masamba awiri, la income statement, loonetsa zimene yagulitsa ndi phindu, ndi la statement of financial position limene ena amati balance sheet, loonetsa chuma ndi ngongole za kampani.

Chachiwiri, tolani manambala asanu

Pa income statement tengani revenue (ndalama ya zonse zimene yagulitsa), kapena kuti sale of merchandise ngati ndi masitolo, ndi cost of sales (mtengo umene inagulira katundu wagulitsidwayo). Pa balance sheet tengani inventories (stoko), trade receivables (ngongole zimene makasitomala sanalipire) ndi trade payables (ngongole za kampani kwa masapulaya). Zitatu za pa balance sheet zi muzitenge za chaka chino ndi za chaka chatha, muphatikize n'kugawa ndi 2 kuti mupeze avereji.

Apa pali kamsampha kamene kamagwetsa ambiri. Pa balance sheet nthawi zambiri amalemba trade and other payables, ndipo mu "other" mo muli zinthu zambirimbiri, malipiro a antchito amene sanaperekedwe, VAT, ndi zina. Pambali pa mzerewo pamakhala kanambala ka note, tsatirani kanambalako mkati mwa lipoti ndipo mukapeza trade payables yokhayokha. Chimodzimodzi ndi receivables. Ndi ntchito ya mphindi zochepa koma mukaidumpha masiku anu atuluka okokomeza.

Chachitatu, masamu ake

Tiyerekeze kampani yongopeka ya holoselo ku Crown Mines. Pachaka yagulitsa katundu wa R12 miliyoni, katunduyo inamugula pa R9 miliyoni. Stoko kumayambiriro kwa chaka inali R1.3 miliyoni, kumapeto R1.7 miliyoni, avereji R1.5 miliyoni. Makasitomala ali ndi ngongole ya avereji R1 miliyoni, ndipo iyo ili ndi ngongole kwa masapulaya ya avereji R1.1 miliyoni.

Masiku amene katundu amakhala mu weyahausi, DIO: tengani stoko, gawani ndi cost of sales, chulukitsani ndi 365. Apa ndi 1.5 kugawa ndi 9 kuchulukitsa 365, tikupeza masiku 61.

Masiku amene makasitomala amatenga kuti alipire, DSO: receivables kugawa ndi revenue kuchulukitsa 365. Apa 1 kugawa ndi 12 kuchulukitsa 365, masiku 30.

Masiku amene kampani imatenga kuti ilipire masapulaya, DPO: payables kugawa ndi cost of sales kuchulukitsa 365. Apa 1.1 kugawa ndi 9 kuchulukitsa 365, masiku 45.

Tsopano phatikizani awiri oyambawo muchotse lachitatu. 61 kuphatikiza 30 kuchotsa 45, CCC ndi masiku 46. Kutanthauza kuti kwa mwezi ndi theka holoselo imeneyi ikuyenera kupeza ndalama kwina yotsekera mpata umenewu, kaya m'thumba mwa eni ake kaya ovadirafuti ya kubanki imene ili ndi chiongoladzanja chake. Mu marandi, stoko kuphatikiza ngongole za makasitomala kuchotsa za masapulaya, ndi R1.4 miliyoni yongokhala. Ndipo onani apa, katundu wa tsiku limodzi, R9 miliyoni kugawa ndi 365, ndi pafupifupi R25,000, ndiye manejala wochangamuka akangodula masiku 10 pa stoko wamasula pafupifupi R250,000 popanda kugulitsa chinthu china chowonjezera. Ndi chifukwa chake timati chiwerengerochi chimayeza mabwana.

Chachinayi, nambala yokha siyankhula, ifanizireni

Apa ndi pomwe pali nkhani yonse. 46 ndi yabwino kapena yoipa? Zitengera. Ikani zaka zisanu mondondoza pa Excel kapena pa Google Sheets pafoni pomwepo, DIO, DSO ndi DPO chilichonse mzere wake. Ngati inali 35, kenaka 40, pano 46, funsani kuti chakwera ndi chiti. DIO ikamakwera pamene malonda sakukwera, ndiye kuti aoda katundu wosayenda, ndipo mtsogolomo adzachita kutchipitsa kuti amuchotse, phindu lidzatsika pamenepo. DSO ikamakwera ndiye kuti akugulitsa pangongole kwa anthu ovuta kulipira, mwina pofuna kuti revenue ioneke yaikulu. Kwa makampani amene amagulitsa kuboma ili ndi vuto lodziwika, malamulo a Treasury amati madipatimenti azilipira pasanathe masiku 30 koma madandaulo a kuchedwa kwa malipiro satha.

Kenaka fanizirani ndi anzake a geni yofanana, osati kungotola kampani iliyonse. Masupamaketi ngati Shoprite ndi Pick n Pay amalandira ndalama pa til pomwepo, mkaka ndi buledi sizikhalitsa pa shelefu, ndipo masapulaya amalipidwa patapita masabata, ndiye CCC yawo imakhala yaing'ono, nthawi zina pansi pa ziro. Pansi pa ziro sikuti mwalakwitsa masamu ayi, zikutanthauza kuti kasitomala walipira kale sapulaya asanalandire yake, geni ikuyendera ndalama ya eni katundu. Amazon imadziwika ndi zimenezi. Koma masitolo a zovala ngati Truworths ndi a TFG amagulitsa katundu wambiri pa akaunti, munthu amalipira pang'onopang'ono kwa miyezi, ndiye DSO yawo ndi yaitali mwadala ndipo amadyapo chiongoladzanja. Kuwaika pa sikelo imodzi ndi Shoprite n'kulakwa. Truworths muifanizire ndi TFG kapena Mr Price, ndipo muzikumbukira kuti Mr Price imagulitsa kwambiri pa kashi.

Mabanki ngati Capitec kapena makampani a inshuwaransi asiyeni, alibe stoko, CCC siigwira ntchito kumeneko.

Chachisanu, muikayikire DPO

Ili ndi gawo limene ine ndimalimbikira kwambiri chifukwa ndi limene limanamiza anthu. Poti DPO timachotsera, ikakula CCC imatsika ndipo papepala zimaoneka ngati mabwana akuchita bwino. Koma pali njira ziwiri zimene DPO imakulira. Ina ndi yoti kampani ndi yaikulu, ili ndi mphamvu, yakambirana ndi masapulaya kuti tizikulipirani pakatha masiku 60 ndipo avomera. Ina ndi yoti mu akaunti mulibe kanthu, akungozemba mafoni a masapulaya. Manambala a CCC amaoneka chimodzimodzi pa ziwirizi! Kuti musiyanitse, onani ngati DPO yalumpha mwadzidzidzi chaka chimodzi, kenaka onani kashi imene ili pa balance sheet ndi ngongole za kubanki za nthawi yochepa. DPO ikukwera, kashi ikutsika, ovadirafuti ikukula, pamenepo si luso ayi, ndi mavuto. Sapulaya akatopa amasiya kubweretsa katundu kapena amati kashi kaye, mashelefu n'kuyamba kuoneka mipata.

Chimodzimodzi DIO yotsika kwambiri si nthawi zonse yosangalatsa, mwina akusowa yoodera ndipo makasitomala akubwerera pakhomo opanda chimene amafuna.

Zina zing'onozing'ono zoti muzisamala

Balance sheet ndi chithunzi cha tsiku limodzi. Chaka cha Shoprite chimatha chakumapeto kwa June, cha Pick n Pay chakumapeto kwa February, ndipo tsikulo likagwa masapulaya asanalipidwe malipiro a pakutha pa mwezi, payables imaoneka yaikulu kuposa masiku onse. Makampaniwo amafotokoza okha zimenezi m'malipoti, werengani ndime ya working capital, yokamba za mpamba woyendetsera geni. Masitolo ena amakhalanso ndi chaka cha masabata 53 nthawi zina, ndiye m'malo mwa 365 ikani masiku enieni a chakacho. Geni za nyengo nazo n'zovutirapo, ganizani Illovo kumudzi, shuga amagayidwa miyezi ya chilimwe ndipo stoko imadzaza nthawi ina n'kuphwa nthawi ina, ndiye onaninso malipoti a theka la chaka. Komanso receivables imakhala ndi VAT ya 15 peresenti mkati pamene revenue ilibe, choncho DSO imatuluka yokwererapo pang'ono, bola muziwerengera njira imodzi makampani onse.

Ndipo masamu onsewa akudalira kuti manambala a m'lipoti ndi oona. Steinhoff inali kampani yolemekezeka pa JSE mpaka December 2017 pamene mkulu wake Markus Jooste anatula pansi udindo ndipo masheya anagwa ndi kupitirira 90 peresenti, kenaka kafukufuku wa PwC, kampani younika mabuku a zachuma, anapeza malonda ongopeka a ndalama pafupifupi €6.5 biliyoni. Ndiye mukamaliza CCC, tsegulaninso tsamba la cash flow statement, pezani mzere wa cash generated from operations, kashi yeniyeni imene geni yabweretsa, muuike pafupi ndi operating profit, phindu la m'kope lija, zaka zonse zisanu zija. Ngati phindu likukwera chaka chilichonse koma kashi ikutsalira kumbuyo, bwererani ku mizere itatu ija muone umene ukumeza ndalama, ndipo musagule sheya mpaka mutaupeza.