Kusamala injini ya two-stroke pa njinga yamoto yam'fumbi

Injini ya two-stroke, monga ya Yamaha YZ250, ilibe mavavu a pamutu pa silinda ngati a injini ya galimoto. Pisitoni ikamakwera imayamwa mpweya ndi petulo kulowa pansi pomwe pali kiranki, ikamatsika n'kukankhira zonsezo pamwamba kudzera m'mabowo a m'mbali mwa silinda. Pulagi imathetheka pa kuzungulira kulikonse kwa kiranki. Kirankiyo sikhala m'dziwe la oyilo, ndiye oyilo amayenera kuyendera limodzi ndi petulo.

Sakanizani mu chigubu, osati mu thanki. Pa muyezo wa 40:1, malita 5 a petulo amafuna oyilo wa two-stroke wokwana mamililita 125. Pa 50:1 ndi 100. Tsatirani muyezo wa m'buku la njingayo, mukhutchumule chigubu kenako muthire. Oyilo wa galimoto ayi ndithu, amasiya mwaye pa pisitoni mpaka maringi kukakamira. Koma njinga ya Yamaha DT125 ili ndi kathanki kake ka oyilo ndi pampu, inu muzingoona kuti sikanaume.

Chimene chimapha injini zambiri ndi fumbi. Tsukani siponji ya fyuluta ya mpweya, iume gwa, muinyowetse ndi oyilo wa fyuluta n'kufinya m'manja. Osaipotokola, imang'ambika. Pakani girisi m'mphepete momwe imakhalira, apo ayi fumbi limazembera pambali n'kupala silinda ngati sandipepa.

Masulani pulagi muone nsonga. Yofiirira ngati tiyi wamkaka, zili bwino. Yakuda ndi yonyowa, petulo wachuluka kapena fyuluta yatsekeka. Ikayera mbuu zimitsani msanga, mpweya ukulowera pena ndipo pisitoni itentha n'kugwira.