Musanamange sikopu pamfuti yanu

Anzanga a kuno ku Thyolo amene mukusaka sikopu (kagalasi kokuza zinthu zakutali kothandiza kulunjika) ya mfuti ya mpweya yothamangitsira apusi m'munda, yambani mwayeza. Thunthu la sikopu limakhala la 25.4mm kapena 30mm, ndipo mphete zoigwira ziyenera kufanana nalo. Njanji ya pamwamba, pomwe mphetezo zimagwira, pa mfuti zambiri za mpweya ndi ya 11mm m'lifupi. Mukalakwitsa apa, ndalama zalowa m'madzi.

Zida sizambiri: ma Allen key (makiyi omangira masikuluwu) okwana bwino, levulo yaing'ono ya amisiri omanga nyumba, spiriti ndi kansalu kopukutira mafuta, ndiye thumba la mchenga kapena vayisi (chopanira zitsulo) yokutira nsanza kuti mfuti isagwedere. Onetsetsani kaye kuti mulibe chipolopolo.

Chomwe ambiri amaphonya n'chingwe choonera ngati sikopu yaongoka. Mangirirani mwala kuchingwe, muchipachike panthambi ya peyala patali ndithu. Mfuti ikakhala pa levulo, musanamangitse mphete, potozani sikopu pang'onopang'ono mpaka mzere woima wa m'galasi ugone pachingwecho. Kenako isunthireni kutsogolo kapena kumbuyo, mfuti ili paphewa, kufikira muone bwalo lonse popanda mdima m'mbali.

Pomanga masikuluwu musaonetse mphamvu. Ine ndinafinya ngati ndikumanga gudumu la njinga, thunthu linabooka kamphako, sikopu n'kutha ntchito. Mangani mosinthanasintha, uku pang'ono uko pang'ono, mpata wa mphete ufanane mbali zonse.

Chiperoni chathuchi chimadyetsa dzimbiri msanga, choncho mukamaliza pakani timafuta pamitu ya masikuluwu, koma galasi lisakhudzidwe.