Momwe mungatikitire mapazi kunyumba m'njira ya reflexology

Munthu amene watandala ali chiimire pa benchi ya kaunjika mumsika wa Limbe, kapena amene wayenda wapansi kuchoka ku Ginnery Corner mpaka ku Ndirande chifukwa minibasi yakwera mtengo, akafika pakhomo mapazi amakhala akuwotcha. Reflexology ndi katikitidwe kodina malo osankhika a phazi ndi chala chamanthu, ndipo mutha kuchitira amuna anu, akazi anu kapena makolo anu pakhonde pomwepo popanda makina alionse. Ine ndimachitira apabanja pathu madzulo tikatha kudya, ndipo ambiri amayamba kuwodzera phazi lachiwiri lisanathe.

Njirayi inachokera ku America. Mu 1913 dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, William Fitzgerald, anayamba kuphunzitsa kuti thupi lili ndi zigawo 10 zoyenda kuchokera kumutu mpaka ku zala. M'zaka za m'ma 1930 mayi Eunice Ingham anajambula mapu a phazi, malo alionse n'kuwapatsa chiwalo chake, ndipo zithunzi zamitundumitundu zimene zimazungulira pa WhatsApp zinayambira pamenepo. Komabe boma la Australia litaunika kafukufuku amene analipo, linanena mu 2015 kuti palibe umboni womveka woti reflexology imachiza matenda alionse. Chimene anthu amapezamo ndi kumasuka kwa thupi, kutsika kwa nkhawa, kuchepa kwa ululu kwa kanthawi ndi tulo tabwino. Zimenezo si zazing'ono kwa munthu wotopa kapena wodwala nthawi yaitali. Koma amene ali pa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV apitirize kumwa monga anawauzira kuchipatala. Kutikita kumangothandizira.

Zofunika n'zochepa: beseni, thaulo, pilo ndi mafuta pang'ono. M'masitolo a ku Chichiri muona timabotolo ta mafuta onunkhira timene mtengo wake mungagulire ndiwo za masiku angapo. Musavutike nato. Vaseline kapena mafuta ophikira theka la supuni yaing'ono akwanira, chifukwa mafuta akachuluka chala chimangoterereka osadina kanthu. Wengani zikhadabo zanu, makamaka za zala zamanthu.

Musanathire madzi m'beseni, yang'anani mapaziwo pamalo owala. Magetsi akazima, tochi ya foni ikuthandizani. Tsegulani pakati pa zala, onani kunsi ndi kuchidendene. Mukapeza chilonda, matuza, ming'alu yotuluka magazi, khungu loyera losupuka pakati pa zala kapena chala chotupa chofiira, tsiku limenelo musatikite. Ngati katumba wa mwendo umodzi watupa, akutentha ndipo akupweteka, musakhudze n'komwe. Mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo kufinya kungathe kukankhira chibuma cha magaziwo kumapapo. Ameneyo apite kuchipatala lero lomwelo. Mayi woyembekezera ayambe wafunsa anamwino kusikelo.

Kenako funsani funso ili ngakhale munthuyo mumamudziwa bwanji: kodi muli ndi shuga, nanga mapazi amachita dzanzi? Ndikuchedwa pano chifukwa zinatichitikira. Azakhali anga ali ndi shuga kwa zaka zambiri, ndipo mwezi wa June wina, chiperoni chitavuta, anapempha kuti ndiwaviikire mapazi ndisanayambe kutikita. Ndinathira madzi a pa mbaula n'kusakaniza ndi ozizira. Iwo ataponda anati, "Iwe, madzi akowa ndi ozizira, thira ena." Ndinati, "Azakhali, nthunzitu ikutuluka." Anaumirira kuti sakumva kanthu, ndipo sankanama. Shuga ikakhalitsa imawononga mitsempha yomvera ya kumapazi, moti munthu samva kutentha, samva munga, samva mwala umene walowa mu nsapato. Ketulo inapendekekanso. M'mawa mwake pamwamba pa zala zitatu panali matuza odzaza madzi, limodzi litaphulika n'kumatirira ku bulangeti. Chilonda chimene kwa ine chikanauma sabata imodzi chinawayendetsa kokatsukitsa kwa nthawi yaitali, chifukwa shuga imachepetsanso kayendedwe ka magazi kumapazi, ndiye chilonda chimachedwa kupola ndipo tizilombo timalowa msanga. Amene anagonekapo m'bale wawo wa shuga ku Gulupu akudziwa kuti anthu ena amadulidwa chala kapena mwendo chifukwa cha kachilonda koyamba ngati kameneka.

Choncho madzi muziyesa inuyo, ndi chigongono chanu, osati ndi dzanja lozolowera kuphula mapoto komanso osadalira zimene wonyowetsedwayo akunena. Akhale ofunda chabe. Kwa munthu wa shuga ine ndinasiyiratu kuviika: ndimangopukuta ndi kathaulo konyowa, kuumitsa bwinobwino pakati pa zala, n'kusisita mopepuka popanda kudina mwamphamvu, popeza iye sangakuuzeni kuti mwapyola muyezo. Mafuta asalowe pakati pa zala, chinyezi cha pamenepo chimabereka zilonda. Mwala wokwechera mapazi ndi lezala yodulira zikundu, kwa iwowa ayi. Ngati dzanzilo ndi lalikulu, kafunseni kaye ku kiliniki ya shuga.

Kwa ena onse, kuviika mphindi 10 kwakwana. Mukhazikeni pampando kapena agone chagada pamkeka, phazi lili pa pilo pamwendo panu. Yambani ndi kulimasula: gwirani chidendene ndi dzanja limodzi, linalo lizunguze phazi pa kakolo uku ndi uku, kenako sisitani ndi manja onse kuchokera kuzala kupita kukakolo. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, ndiye musalipotokole ngati chinthu chimodzi cholimba. Munthu amene amagirigishika gwirani phazi lake mwamphamvu ndithu, kukhudza monyengerera n'kumene kumamuseketsa.

Luso lenileni lili pa chala chamanthu. Chipindeni pang'ono pa mfundo yakumapeto, dinani, tambasulani, sunthirani patsogolo pang'ono, pindaninso, monga imayendera mphalabungu pa tsamba. Chala chisachoke pakhungu ndipo chiziyenda chamtsogolo basi. Dzanja linalo lichirikize phazi kumbuyo. Mphamvu yake ikhale yoti munthu akumva kukoma kosakanikirana ndi kuwawa pang'ono. Akakoka phazi kapena kukwinya nkhope, chepetsani. Pali ena amanena kuti pamene pakuwawa ndiye kuti chiwalo cha pamenepo chikudwala, ndiye dinani kwambiri. Musamvere zimenezo. Phazi la munthu woyenda m'misewu ya miyala ya ku Bangwe liwawa penapake ngakhale chiwindi chake chili bwinobwino.

Pa mapu a phazi aja, zala zimaimira mutu, chachikulu makamaka. Chiyendeni kuchokera pansi mpaka kunsonga, kenako zinazo chimodzichimodzi, n'kumakoka pang'ono chilichonse. Mnofu wokhuthala wa kunsi kwa zala amati ndi chifuwa. Pansi pake penipeni, chapakati, pali kadzenje kamene kamaoneka mukafinya phazi m'mbali. Ikani chala pamenepo, muuzeni apume mpweya wambiri, dinani akamakoka mpweya, masulani akamatulutsa, katatu kapena kanayi. Pamenepa m'pamene ndimaona mapewa a munthu akugwa ndipo nkhani zimatha. Ndikakhala ndi mphindi zisanu zokha ndimachita pokhapa ndi zala.

Ndinenepo za anthu amene akuyenda m'maofesi ndi m'matchalitchi ndi beseni lamagetsi, amati limatulutsa poizoni kudzera kumapazi. Madzi amasanduka ofiirira, anthu n'kumagwira pakamwa. Mtundu umenewo ndi dzimbiri lochokera ku zitsulo za makinawo zikakumana ndi madzi amchere, ndipo madzi amasintha ngakhale musaikemo phazi. Apempheni ayatse beseni lopanda munthu muone ngati avomere. Chimodzimodzi amene amakugwirani phazi n'kukuuzani kuti impso zanu zawonongeka, kenako n'kutulutsa mabotolo a mankhwala m'chikwama. Impso amayeza ndi magazi ndi mkodzo kuchipatala. Masilipasi a timinga ndi timatabwa togudubuza pansi pa phazi tili m'mashopu ambiri ku Limbe, koma chitsononkho chouma kapena botolo la galasi lopanda kanthu limagwira ntchito yomweyo.

Kwatsalako n'kosavuta. Pakati pa phazi pokumbika paja amati ndi m'mimba, yendetsani chala chopingasa mizere ingapo. M'mphepete mwa mkati, kuchokera kuchidendene mpaka kuchala chachikulu, ndi msana, kwerani, tsikani. Chidendene n'cholimba, ndiye chikandeni ndi mfundo za chibakera kuti chala chanu chisatope. Malizani ndi kusisita phazi lonse, likulungeni m'thaulo, pitani linalo. Mphindi 15 phazi lililonse, kawiri kapena katatu pa sabata. Pukutani mafuta onse asanaimirire, makamaka ngati pansi ndi pa simenti ya polishi, ndipo okalamba adzuke pang'onopang'ono chifukwa ena amamva chizungulire.