Mwapeza nyama yakuthengo yovulala? Manja kumbuyo kaye

Ambiri amene amabwera kudzadzipereka pamalo osamalira nyama zakuthengo amafika ndi chithunzi chimodzi m'mutu: akhala pamthunzi, kamwana ka pusi kawakangamira pachifuwa, iwo akukayamwitsa ndi botolo. Tsiku loyamba amalandira tsache, ndowa ndi magolovesi, n'kuuzidwa kuti asayankhule ndi nyama iliyonse. Ena nkhope zimagwa pomwepo. Komatu lamuloli silinangobwera. Nyama imene yafika m'manja mwanu iyenera kubwerera kuthengo ili yamoyo, yamphamvu, komanso ikuopabe munthu. Chachitatuchi ndicho chimavuta anthu a mtima wabwino.

Tiyambe ndi kutola. Tiana tambiri timene anthu amabwera nato akuti apulumutsa kamasiye sitikhala tamasiye ayi. Gwape amabisa mwana wake m'udzu n'kupita kokadya, amangobwera mwa apo ndi apo kudzayamwitsa. Kamwanako kamagona phee, khosi pansi, osagwedezeka ngakhale mutaima pafupi. Sikakudwala, kakubisala. Kalulu naye amatero. Tiana ta mbalame timene tamera kale nthenga timatuluka m'chisa tisanakhwime pouluka, timadumphadumpha pansi masiku angapo makolo akutidyetsa pomwepo. Choncho musanatole, talikirani, bisalani, muyang'ane kwa maola angapo. Mukaima pompo mayi sabwera, inu n'kumati wataya mwana pamene akuopa inuyo. Kambalame kopanda nthenga, ngati chisa chake mukuchiona, kabwezereni. Zoti mbalame imakana mwana wake akagwiridwa ndi munthu ndi nkhambakamwa chabe.

Yoyenera kutola ndi imene ikutuluka magazi, yathyoka phiko kapena mwendo, yazizira thupi, yaunjiriridwa ndi ntchentche, kapena mwaona mayi wake atafa. Onjezanipo iliyonse imene mwailanditsa m'kamwa mwa mphaka, ngakhale bala lisakuoneka. Mano a mphaka amabaya ngati singano, ndipo m'kamwa mwake muli tizilombo totchedwa Pasteurella timene titha kupha kambalame m'masiku awiri kapena atatu ngati sikalandira mankhwala.

Mwaitola tsopano. Apa ndi pamene chifundo chaphapo nyama zambiri, chifukwa munthu amathamangira mkaka ndi madzi. Imani kaye. Pezani katoni, boolani timabowo ta mpweya, yalani nsalu yopanda ulusi wolendewera umene ungakole zikhadabo, ikani nyamayo, tsekani. Mdima ndi bata ndiwo mankhwala oyamba. Ana, agalu ndi wailesi zikhale kutali. Ngati yazizira, kulungani botolo la madzi ofunda m'nsalu n'kuliika mbali imodzi yokha ya katoniyo kuti ikamva kutentha ithe kusunthira kwina. Kenako imbirani dokotala wa nyama kapena ofesi ya boma yoona za nyama zakuthengo. Musayambe mwajambula zithunzi.

Ndondomeko yake sisintha: kutenthetsa thupi, kubwezeretsa madzi m'thupi, chakudya pambuyo. Mimba ya nyama yozizira sigaya kanthu. Ndipo mukatsegula kamwa ka mbalame mudzaona kabowo kumbuyo kwa lilime kakutseguka n'kutsekeka pamene ikupuma. Imeneyo ndi njira ya kumapapo. Madzi amene mukudonthezera m'kamwa ndi mtima wonse uja akalowa mmenemo, mbalameyo imatsamwa kapena kudwala chibayo. Mkaka wa ng'ombe nawo umatsegula m'mimba tiana ta nyama zambiri mpaka kufa. Daphne Sheldrick wa ku Kenya anatha zaka zambiri ana a njovu akumufera m'manja asanapeze kuti mkaka wosakaniza ndi mafuta a kokonati ndi umene makanda a njovu amatha kugaya. Ngati katswiri ngati ameneyo zinamutengera zaka, inu ndi ine tisamayese zongoganizira usiku umodzi.

Mantha okha amapha. Nyama ngati gwape ikathamangitsidwa nthawi yaitali kapena ikalimbana kwambiri pogwidwa, minofu yake imawonongeka, zowonongekazo n'kukavulaza impso ndi mtima. Madokotala amati capture myopathy. Imatha kuoneka ngati yapulumuka, patapita masiku n'kuipeza itauma. Ngati simungathe kuigwira msanga, mwakachetechete, pophimba mutu wake ndi nsalu, isiyeni, itanani odziwa. Ndipo ikangoti duu m'manja mwanu pamene mukuisisita, musati yakukondani. Kwa iyo mwayamba kuidya.

Nkhani yosayankhula ndi nyama ija tiibwerere. Konrad Lorenz, wasayansi woona za khalidwe la nyama amene analandira mphoto ya Nobel mu 1973, anaonetsa kuti anapiye a tsekwe amatsatira chinthu choyenda chimene achiona atangoswa, ndipo ankamulondola iyeyo ngati mayi wawo. Kadzidzi woleredwa m'nyumba akuona nkhope ya munthu tsiku ndi tsiku amakula osadziwa kuti ndi kadzidzi. Mukamumasula amapita kwa anthu kukapempha chakudya, ndipo kumeneko amakakumana ndi mwala. Pusi woleredwa ngati mwana amasangalatsa ali wamng'ono, koma akakula mano atatalika amaluma, omulera aja n'kumumangirira pamtengo moyo wake wonse. Ku America, mu 1987 mbalame zazikulu zotchedwa California condor zinatsala 27 zokha padziko lonse, ndipo zonse zinali m'manja mwa anthu. Oweta anapiye ake ankabisala, n'kumawadyetsa atavala kumanja chidole chooneka ngati mutu wa condor. Lero mbalamezo zikuulukanso m'mapiri. Ndiye mukauzidwa kuti musapatse nyama dzina, musaiyimbire, mulowe m'khola n'kutuluka msanga, musaone ngati oyang'anira malowo ndi ouma mtima.

Thupi lanu nalonso ndi lofunika. Musanayambe ntchitoyi bayitsani katemera wa kafumbata, ndipo ngati mudzagwira nyama zoyamwitsa, makamaka mileme, nkhandwe ndi zina zodya nyama, funsani za katemera wa chiwewe. Mukalumidwa kapena kukalidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro, kupulumuka n'kosowa kwambiri. Mleme musaugwire ndi manja osavala kanthu. Kadzidzi ndi chiwombankhanga muziopa zikhadabo kuposa mlomo, pamene kakowa ndi mbalame zina za milomo yaitali zimalunjika m'maso. Mbalame zambiri zikafa malo amodzi musazigwire, kanenani, chifukwa mwina ndi chimfine cha mbalame. Zovala ndi nsapato za kuntchitoko zisayandikire ziweto zanu.

Pali lamulonso. M'mayiko ambiri kusunga nyama yakuthengo popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale mutanena kuti mumaisamalira. Ngaka ndiye nkhani ina. Mu 2016, pamsonkhano wa CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakuthengo, ku Johannesburg, mayiko anagwirizana zoletsa malonda a pakati pa mayiko a mitundu yonse 8 ya ngaka. Mukaipeza, musaisunge kuti muone mawa: ilibe mano, imadya nyerere ndi chiswe, ndipo m'nyumba sichedwa kufooka. Wina akakutsatsani kanyama m'mbali mwa msewu, musagule pofuna kukapulumutsa. Ndalama yanuyo ndi imene imamubwezera kuthengo kukapha mayi wina kuti atenge mwana. Kanenani kwa oyenera. Pa Facebook musalembe malo amene nyama yosowa yapezeka kapena yamasulidwa, poti opha nyama nawonso ali ndi mafoni.

Ntchito yeniyeni ya wodzipereka ndi yonunkha. Sitima yotchedwa Treasure itamira pafupi ndi Cape Town mu June 2000, mbalame za m'nyanja zotchedwa penguin pafupifupi 19,000 zinamatidwa ndi mafuta. Anthu odzipereka zikwizikwi anathandiza bungwe losamalira mbalame za m'nyanja la SANCCOB kwa miyezi, ndipo zambiri mwa mbalamezo zinabwerera m'nyanja. Ambiri mwa anthuwo ankasungunula nsomba, kukolopa ndowe, kuchapa nsalu ndi kujompholedwa m'mikono. Inunso zidzakhala choncho. Bwerani tsiku limene munalonjeza, chifukwa kambalame kakhanda kamafuna chakudya kangapo pa ola limodzi ndipo sikadikira kuti mvula ikate. Yezani nyama pasikelo m'mawa uliwonse isanadye, lembani magalamu ake, zimene yadya, ndi mmene ndowe zake zikuonekera. Nyama yakuthengo imabisa matenda, koma sikelo ndi kabuku zimaulula masiku angapo maso asanaone kanthu.

Zina zidzafa ngakhale mutachita zonse molondola, ndipo zina dokotala adzalamula kuti ziphedwe mopanda ululu chifukwa sizingadzaulukenso kapena kusaka. Zimapweteka. Kambiranani ndi anzanu a pantchitopo, ndipo mukatopa pemphani kupuma m'malo mongosowa.

Tsiku lomasula, nyama yaikulu ibwezereni kufupi ndi kumene inapezeka ngati kulibe choopsa, chifukwa imadziwa kale kokamwa ndi kobisala. Ya masana imasuleni m'mawa, kadzidzi ndi changa chakumadzulo, osati tsiku la mphepo yamkuntho kapena mvula yamphamvu. Anthu akhale awiri kapena atatu basi. Ikani bokosi pansi, chitseko chiloze kutchire, tsegulani, bwererani m'mbuyo, khalani chete. Musaikankhe kapena kuiponya m'mwamba. Ikachedwa mphindi 20, dikirani. Ikatuluka, lembani tsiku, nthawi ndi malo m'kabuku, tengani bokosilo mukalitsuke ndi mankhwala lisanalowemo ina.